Zovala zadzaza masutikesi koma palibe chondikwana

Funso

"Zikomo amayi. Ndine mayi wa zaka 34, ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale ku Kasungu. Ndili ndi ana atatu, womaliza ali ndi chaka ndi miyezi inayi ndipo akuyamwabe. Chibadwire mwana ameneyu thupi langa silinabwerere mwakale. Mimba inatsala kutsogolo, moti ena amandifunsa ngati ndili ndi pakati pena. Masutikesi atatu adzaza zovala, koma m'mawa uliwonse ndimasowa chovala, mapeto ake ndimangomanga chitenje pamwamba pa siketi imodzi yomweyo. Malipiro akalowa ndimathamangira pa kaunjika, kapena ndimatenga pangongole kwa amayi ogulitsa pa WhatsApp, ndipo zambiri ndimagula zazing'ono dala poganiza kuti ndikachepa ndidzavala. Pano ndili ndi ngongole ku banki m'khonde chifukwa cha zovala ndi mayunifomu a maukwati. Mnzanga akuti ndigule tiyi wochepetsa thupi ndi lamba wofinya mimba. Zithunzi ndimathawa, kutchalitchi ndimakhala kumbuyo. Mng'ono wanga akukwatiwa pakatha miyezi itatu ndipo tsikulo ndikuliopa. Ndithandizeni."

Yankho

Achemwali, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani yanu. Mtima ukhale m'malo, palibe chachilendo pathupi panu. Ndasoka zovala za amayi kwa zaka zambiri, ndaphunzitsanso atsikana utelala, ndipo mawu mwalembawa ndimawamva kawirikawiri m'kachipinda koyesera zovala. Mayi amamasula chitenje n'kuyamba kupepesa tepi isanafike n'komwe m'chiuno. Amapepesa chifukwa cha mimba, chifukwa cha mizere ya pakhungu, chifukwa cha mabere amene atsika. Ine zimandiwawa, chifukwa munthu wobereka ana atatu alibe choti apepesere telala. Kudula nsalu kuti ikhale bwino pathupi ndi ntchito yathu. Inuyo mwakhala mukulimbana ndi thupi kuti lilowe m'zovala zimene zinasokedwera anthu ena, ndipo pamenepo ndi pamene pachokera manyazi, masutikesi atatu ndi ngongoleyo.

Tiyambe ndi mimba, popeza ndiyo yakusowetsani mtendere. Chiberekero chimabwerera m'malo mwake pakatha milungu pafupifupi 6 mayi atachira, koma minofu ndi khungu zimachedwa, ndipo kwa ena sizibwerera ndendende. Kutsogolo kwa mimba kuli minofu iwiri yaitali yotsika kuchokera m'nthiti mpaka pachinena. Mwana akamakula, minofuyi imatalikirana kuti apeze malo. Kwa amayi ambiri imayandikananso yokha m'miyezi iwiri yoyambirira, koma kwa ena, makamaka amene abereka kangapo, pamatsala mpata, ndiye mimba imatulukira kutsogolo ngakhale munthuyo asali wonenepa. Achipatala amati diastasis recti. Mutha kudziyesa nokha. Gonani chagada pamphasa, pindani mawondo, ikani zala pamwamba pang'ono pa mchombo, kenaka dzutsani mutu ngati mukusuzumira mawondo anu. Mukamva mpata wolowa zala zoposa ziwiri, kapena mukaona pakati pa mimba pakutukumuka motsika, n'kutheka kuti ndi zimenezo. Zikakhala choncho, ngakhale mutasala kudya mwezi wathunthu mimbayo singalowe, chifukwa chimene chaitulutsa si mafuta.

Chothandiza ndi mafizo. Muli chogona chomwecho, tulutsani mpweya pang'onopang'ono uku mukukokera mchombo m'kati mofatsa, ndipo finyani kumunsi ngati mukugwira mkodzo. Gwirani kwa kanthawi kochepa, masulani, bwerezani kangapo, tsiku ndi tsiku. Masewera aja odzuka ndi kugona, amene ambiri amawathamangira pofuna kuphwetsa mimba, muyambe mwawasiya, chifukwa amakankhira minofu yotalikiranayo kunja. Ine ndine telala, choncho chigamulo chikhale cha achipatala. Pitani pa chipatala cha boma mukapemphe kuonana ndi a mafizo. Akakhala kuti palibe, akhoza kukutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Tiyi wa mnzanuyo musagule. Ma tiyi ambiri otere amakhala ndi masamba a senna, omwe ndi mankhwala otsegula m'mimba, kapena zinthu zokodzetsa. Sikelo imatsika masiku oyamba chifukwa mwataya madzi, ndipo mukangosiya imabwerera pomwe inali. Mukamwa nthawi yaitali thupi limataya mchere wofunika, mumafooka, ndipo matumbo amazolowera moti mukasiya mumayamba kudzimbidwa. Inu mukuyamwitsa, thupi lanu likufuna madzi ndi chakudya chokwanira. Chinthu chilichonse chomwedwa chimene chikugulitsidwa pa foni, chopanda chilolezo cha bungwe loona za mankhwala la PMRA, chosalembedwa bwino zimene zilimo, chisalowe m'kamwa mwanu. Chimodzimodzi mapiritsi onenepetsa mbina ndi mafuta oyeretsa khungu, amene ambiri amakhala ndi mankhwala oopsa monga mercury, hydroquinone kapena ma steroid. Ndasokera amayi amene khungu lawo linapyapyala n'kuda m'masaya chifukwa cha mafuta amenewa, ndipo kulibwezeretsa n'kovuta kwambiri.

Za lamba sindikanitsitsa chimodzimodzi. Amayi athu ankamanga mimba ndi chitenje akangochira, ndipo kumanga mofewa kumapatsa mayi mphamvu poyenda masiku oyamba. Koma lamba wofinya wa zitsulo uja sasungunula mafuta, satsekanso mpata wa minofu. Mukavala tsiku lonse mumabanika, chilungulira chimakwera, ndipo mphamvu yonse imakankhidwira kumunsi, komwe kwa mayi wobereka katatu n'kofooka kale. Ngati mukufuna kabudula wam'kati wogwira thupi pang'ono pa tsiku la mwambo, valani wa saizi yanu, woti mutha kukhala pansi, kudya ndi kupuma bwinobwino. Ngati mukufunadi kuchepako thupi, njira ndi yodziwika kale: shuga wochepa mu tiyi, zakumwa zotsekemera ndi mandasi mwa apo ndi apo, masamba ndi nyemba zambiri, mgaiwa, ndi kuyenda. Ndipo ngati mumabayitsa jekeseni yolera ya Depo, dziwani kuti amayi ena imawanenepetsa. Musasiye panokha, kambiranani ndi anamwino za njira zina monga lupu.

Tsopano tibwere ku zovala, komwe ndi kwathu. Chinthu choyamba chimene ndikufuna muchotse m'mutu ndi nambala ya pakhosi pa chovala. Belo limodzi la kaunjika limatha kukhala ndi zovala za maiko osiyanasiyana, ndipo dziko lililonse limawerenga mwakemwake. Chovala cholembedwa 16 ku Britain, ku France chimalembedwa 44, ku America 12, ndipo zambiri zochokera ku China zimachepa kuposa mmene zalembedwera. Ngakhale m'dziko limodzi momwemo, makampani awiri sasoka 16 wofanana. Choncho mukalephera kulowa mu siketi yolembedwa 14 n'kubwerera kunyumba mutakhumudwa, mwakhumudwa ndi nambala yopanda tanthauzo lenileni. Komanso zovala za m'fakitale zimadulidwa poganizira thupi limene chiuno ndi mahipi sizisiyana kwambiri. Amayi ambiri amene ine ndimawayeza ali ndi mbina yodzaza ndi chiuno chochepera, n'chifukwa chake jinzi ikakwana m'mahipi imasiya mpata kumsana, ikakwana m'chiuno imakana kukwera.

Gulani tepi yoyezera, ya mtengo wochepa chabe m'sitolo za zipangizo zosokera. Pemphani telala kapena mng'ono wanuyo akuyezeni pachifuwa, m'chiuno, pamimba pamene patuluka kwambiri, m'mahipi, m'mapewa, ndi kutalika kuchokera m'chiuno kufika pamene mumafuna siketi izithera. Musakoke mimba poyezedwa. Lembani manambalawo pakapepala, kazikhala m'chikwama pamodzi ndi tepiyo. Mukafika pa kaunjika, yalani chovalacho, yezani m'lifupi kuchokera msoko wina kufika wina, chulukitsani kawiri, yerekezani ndi kapepala kanu. Chikachepa ndi masentimita angapo, chisiyeni ngakhale chikongole bwanji. Kuyeza kwa pakhosi kuja, kozunguliza chiuno cha siketi m'khosi, kumanamiza amayi obereka chifukwa mimba yasintha koma khosi ndi lomwe lija.

Zogula zazing'ono dala zitheretu lero. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Thupi limene muli nalo m'mawa uno ndi limene likupita ku sukulu, ndi limene likuyenera kuvala. Chovala chodikira kuti muchepe chimakudzudzulani nthawi iliyonse mukatsegula sutikesi, ndipo mtima ukawawa mumapita kukagula china kuti muuziziritse. Mukadzachepadi, kuchepetsa chovala ndi ntchito yosavuta. Kuchikulitsa ndiye kovuta, chifukwa a fakitale amasiya nsalu ya sentimita imodzi yokha m'misoko. Lamulo lake ndi ili: gulani chokwana pamene thupi lanu lakula kwambiri, kwinako telala adzachepetsa. Yang'anitsitsani mapewa, chifukwa mapewa a jekete kapena bulauzi akalakwika kukonza kwake kumadula kuposa chovalacho.

Loweruka likubwerali khuthulani masutikesi onse atatu pabedi, ana atapita kosewera, ndipo yesani chimodzichimodzi. Idzakhala ntchito yotopetsa ndipo mwina mudzalira, palibe cholakwika. Zimene zikukwanani lero ndipo mumamasuka nazo, zipachikeni poonekera. Zimene zatsala pang'ono kukwana, ziikeni m'thumba lopita kwa telala. Musapeputse thumba limeneli. Diresi lothina m'mbali timalitsegula n'kuikamo timizere ta chitenje mbali zonse ziwiri, ndipo limatuluka lokongola kuposa kale. Diresi lokana pachifuwa timalidula n'kusandutsa siketi. Siketi ya zipi yokana kutseka timaichotsa lamba n'kuika lasitiki yaikulu kumsana kokha, kutsogolo kukhale kosalala. Malaya aamuna aakulu amatuluka bulauzi yabwino. Zotsalazo, zimene mukudziwa mumtima kuti sizidzakukwanani, zigulitseni kwa aphunzitsi anzanu kapena sinthanani, ndipo ndalama iliyonse yotulukapo ipite ku banki m'khonde. Zina mupatse amene akusowa, koma zikhale zochapa ndi zabwino. Zong'ambika zikhale zokolopera kapena zolukira chopondera pakhomo.

Mukamaliza mudzapeza kuti zovala zenizeni muli nazo zochepa, mwina khumi ndi zingapo. Musachite mantha. Mphunzitsi wokhala ndi masiketi atatu a mtundu wosavuta monga wakuda, wabuluu wodera ndi wakhofi, mabulauzi asanu ogwirizana ndi masiketi onsewo, madiresi awiri ndi juzi imodzi ya mu Juni, amavala mwezi wonse osaoneka kuti akubwereza. Chinsinsi ndi choti chilichonse chizigwirizana ndi zinzake. Zambiri za m'masutikesi mwanu ndikukhulupirira kuti n'zokongola pazokha koma zilibe mnzake.

Musanasoketse kanthu, konzani bra. Nkhani imeneyi amayi timaichitira manyazi, koma theka la madandaulo amene ndimalandira a bulauzi yosakhala bwino amachokera pamenepa. Mabere amasintha pa mimba iliyonse ndi pa kuyamwitsa kulikonse, koma ambiri timavalabe saizi ya utsikana. Chimene chimanyamula mabere ndi lamba wozungulira chifuwa, zingwe za m'mapewa zimangothandizira. Lambayo akamakwera kumsana ndiye kuti wakula kapena watha mphamvu. Mabere akamasefukira pamwamba kapena m'khwapa ndiye kuti makapu achepa. Bra ziwiri zokwana bwino zimatukula chifuwa, chiuno n'kuonekera, ndipo diresi lomwe lija limakhala mosiyana. Pokayezedwa kwa telala valani bra yomwe mudzavalire chovalacho. Popeza mukuyamwitsabe, musagule zambiri, thupi lisinthanso mwana akasiya bere.

Masitayilo ake ndi ati? Sindikonda mawu oti kubisa mimba, chifukwa amene amabisa amavala matumba, ndipo chovala chotaya thupi lonse chimakulitsa munthu kuposa mmene alili. Pezani pamene thupi lanu lachepa kwambiri. Kwa amayi ambiri obereka ndi pansi pa mabere pang'ono, pamwamba pa mchombo. Msoko wa chiuno kapena lamba wa diresi akhale pamenepo, nsalu itsike momasuka kuchokera apo. Diresi lokulunga lomanga pambali ndi bwenzi la mayi woyamwitsa, ndipo limakula kapena kuchepa nanu limodzi. Siketi yotambasuka pang'ono kumunsi, ya lamba wokwera wofika pamchombo, imagwira mimba mofewa, pamene ya lamba wotsika imadula mimba pakati n'kuitulutsa. Pepulamu, kansalu kotambasuka kosokerera m'chiuno mwa bulauzi kapena diresi, imakhala bwino ikayambira pamwamba, ikayambira pamimba penipeni imawonjezera. Khosi lotseguka pang'ono ngati V limatalikitsa thupi. Chilundu chathu chomwechi, chosokedwa bwino, chimalemekeza thupi la mayi kuposa madiresi ambiri a m'mabelo. Koma izi si malamulo. Ngati mumakonda mitundu yowala, valani. Amene anakuuzani kuti wonenepa azivala zakuda zokhazokha anakunamizani.

Nsalu nayo imalankhula. Nsalu zopyapyala zotamuka, zonyezimira, zimamatirira paliponse ndipo mu Okutobala zimawotcha. Thonje limapuma, limamwa thukuta, limaima palokha osakakamira pathupi. Pa zitenje samalani, chifukwa zambiri zotsika mtengo masiku ano ndi polyester wopakidwa sitachi kuti aoneke wolimba, ndipo mukachapa kamodzi zimalefuka. Tembenuzani chitenjecho. Cha wakisi weniweni maluwa ake amaoneka pafupifupi mofanana mbali zonse, chotsika chimakhala chotuwa kuseri. Mukafika kunyumba sololani kaulusi m'mphepete mukatenthe ndi machesi. Thonje limapsa n'kununkha ngati pepala, n'kusiya phulusa lofewa. Polyester amasungunuka n'kupanga kampira kolimba. Chitenje cha thonje muchichape chisanadulidwe, chifukwa chimabwerera pochapa koyamba, ndipo madiresi ambiri amene amathina pakatha sabata anasokedwa ndi nsalu yosachapa. Pochapa tembenuzani chovala, madzi akhale ozizira, yanikani pamthunzi. Dzuwa lathu limasulutsa nsalu msanga kuposa sopo.

Posankha telala musangoona zithunzi za pa foni yake, poti zambiri ndi zotola pa intaneti. Pemphani chovala chimene wasoka, muchitembenuze. Onani ngati misoko yawongoka, ngati m'mphepete mwatsekedwa kuti musasosoke, ngati zipi yagona bwino, ngati maluwa a chitenje akukumana pamsoko. Muuzeni asiye nsalu yokwanira m'kati, masentimita awiri kapena atatu mbali iliyonse, kuti mudzathe kukulitsa. Gwirizanani kuti mudzayese asanamalize, ndipo poyesapo khalani pampando, kwezani manja ngati mukulemba pa bolodi, weramani ngati mukunyamula mwana. Yambani ndi chinthu chimodzi chaching'ono musanamupatse nsalu yodula. Telala amene akunyozani thupi, kapena kukuuzani kuti mukachepe kaye, musiyeni mupite kwa wina.

Kaunjika sindimunyoza. Wavekanso ana anga, ndipo amadyetsa mabanja ambiri kuyambira ku Limbe, ku Tsoka ku Lilongwe, mpaka misika ya kumidzi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya mabelo inakwera kwambiri, ndipo kumayambiriro kwa 2025 ogulitsa kaunjika anachita kuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo. Dziko la Rwanda linakweza msonkho wa kaunjika mu 2016 pofuna kuteteza mafakitale ake, ndipo mu 2018 America inalichotsera mwayi wogulitsa zovala kumeneko mopanda msonkho. Kwathu kuno kuletsa kaunjika lero kungavule osauka. Chimene ndimadandaula nacho ndi kagulidwe. Zovala za m'mabelo zatsika mphamvu poyerekeza ndi kale, chifukwa kumene zimachokerako anthu akugula zotchipa zosokedwa mothamanga, kuvala kangapo n'kutaya. Kutchipako alipo amene amakulipira. Pa 24 Epulo 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh, momwe munali mafakitale osoka zovala za masitolo a ku Ulaya ndi ku America, inagwa n'kupha anthu 1,134, ambiri mwa iwo amayi osoka ngati ine. Ku msika wa kaunjika wa Kantamanto ku Accra m'dziko la Ghana, bungwe la Or Foundation limati kumafika zovala pafupifupi 15 miliyoni pa sabata, ndipo pafupifupi 40 pa 100 zilizonse zimathera kudzala ndi m'mphepete mwa nyanja. Ifenso tayamba kuziona m'ngalande za m'misika yathu, ndipo polyester saola ngati thonje, timangomutentha n'kumapuma utsi wake.

Chimandipweteka china n'choti thonje timalima tokha ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Balaka, ku Salima.  Fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, imene inagulitsidwa mu 2003 n'kukhala Mapeto, inaveka amayi athu nsalu zolimba za thonje la konkuno. Mukagula nsalu yabwino n'kupatsa telala wa pa Kasungu pompo, ndalama yanu yadyetsa banja la pafupi nanu, ndipo chovalacho chasokedwera inuyo.

Werengani mtengo wa chovala potengera masiku amene mudzachivale. Tiyerekeze bulauzi ya K5,000 imene mwavala kawiri n'kuiponya m'sutikesi. Tsiku lililonse yakudyerani K2,500. Siketi ya K30,000 yosokedwa bwino, imene mwavala masiku 60, yakudyerani K500 patsiku. Yotchipa ndi yachiwiriyo. Choncho kwa miyezi itatu musagule chovala chilichonse kupatula bra ndi cha ukwati. Ma status a amayi ogulitsa aja atsekeni kuti musamawaone, ndipo auzeni mwaulemu kuti simutenganso pangongole. Tsiku la malipiro musadutsire kumsika. Nthawi yogula ikadzakwana, pitani ndi kapepala kolemba chimene chikusowa, ndi ndalama ya chokhacho. Mukachiona, onani m'khwapa, pakhosi, pakati pa miyendo ndi zipi, chiyang'anitseni kudzuwa kuti muone ngati nsalu yapyapyala, ndipo dzifunseni ngati chikugwirizana ndi zinthu zitatu zimene muli nazo kale. Kunyumba chichapeni ndi kuchisita musanavale. Zovala zam'kati zokha, ngati mungathe, gulani zatsopano.

Mayunifomu a maukwati ndi mtolo umene amayi tadzisenzetsa tokha. Chinkhoswe nsalu yake, bridal shower mtundu wake, ukwati nsalu inanso, ndipo chilichonse chimavalidwa tsiku limodzi. Muli ndi ufulu wonena kuti, "Pepani, ulendo uno sindikwanitsa nsalu, koma ndibwera ndipo ndidzafupa." Mwini ukwati wanzeru amasangalala ndi kubwera kwanu ndi perekaniperekani kuposa nsaluyo. Pamene simungakane, gulani mamita awiri okha musoketse bulauzi kapena duku, muvalire siketi imene muli nayo kale. Ukwati wa mng'ono wanu ndi wina, pamenepo sokani ndithu. Koma sankhani sitayilo yoti mudzavalenso kutchalitchi ndi ku sukulu, makamaka siketi ndi bulauzi zosiyana m'malo mwa diresi limodzi lalitali, kuti mudzazivale padera. Pitani kwa telala kutatsala milungu 6, mukayezedwe mmene mulili, mukayese kutatsala milungu iwiri. Musalonjeze telala kuti pofika tsikulo mudzakhala mutachepa. Pazithunzi mukaime pambali pa mng'ono wanu. Iye adzafuna kuona mkulu wake m'zithunzi zimenezo zaka zonse zikubwerazi, ndipo ana anunso adzafuna kuona mayi awo.

Pakamwa pa anthu sitingapatseke. Kuno ukanenepa amati uli ndi pakati, ukaonda amayamba kunong'onezana za matenda. Thupi la mayi lakhala likulamulidwa ndi ena kwa nthawi yaitali. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi mabuluku ndi masiketi aafupi mpaka linachotsedwa mu 1993, ndipo mu Januwale 2012 amayi anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha mabuluku, mpaka amayi anzawo anasonkhana kudzudzula mchitidwewo. Wokufunsani za pakati muyankheni mwachidule, "Ayi, ndi thupi langa," ndipo pitirizani zimene mumachita. Simukuyenera kufotokoza zambiri. Ndikupempheninso chinthu chimodzi. Ngati muli ndi mwana wamkazi, asakumveni mukudzinyoza pa kalilole. Atsikana amene ndimawaphunzitsa, ambiri mawu oyamba onyoza thupi anawamva kwa amayi awo akudzinena okha. Chitenje pitirizani kumanga pamene mwachifuna, ndi ulemu wathu, koma pansi pake pakhale chovala chokukwanani.

Pali zizindikiro zina zimene telala sangakonze, ndipo zikaoneka musadikire. Ngati pamchombo pali chotupa chimene chimatuluka mukatsokomola kapena kunyamula katundu, chingakhale chophuka, ndipo chikayamba kupweteka kwambiri, kulimba, kapena mukayamba kusanza, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati mimba ikukulirakulira, ndi yolimba, mukukhuta msanga, kapena msambo ukubwera wambiri ndi wopweteka, akakuunikeni, chifukwa zotupa za m'chiberekero zimakulitsanso mimba. Ngati msambo sunabwerere kapena wasowa, yezetsani mimba, kuyamwitsa mwana wa msinkhu umenewu sikuteteza. Mkodzo ukamadontha mukaseka kapena kuyetsemula, kapena mukamamva kulemera kumunsi, nenani, thandizo lake lilipo. Kunenepa kofulumira kobwera ndi kutopa, kutupa mapazi kapena nkhope, kukufunika kuyezetsa BP, shuga ndi chithokomiro.

Chomaliza ndi chimene chandikhudza kwambiri m'kalata yanu, kukhala kumbuyo kutchalitchi ndi kuthawa anthu. Mwina ndi zovala zokha, ndipo zidzatha mukayamba kuvala zokukwanani. Koma ngati kwa milungu yoposa iwiri mwakhala osasangalala ndi kanthu, mukulira pafupipafupi, tulo sitikubwera ngakhale mwana atagona, mukudziona wopanda pake, kapena mwayamba kudzimana chakudya ndi kudzisanzitsa, amenewo angakhale matenda a maganizo amene amagwira amayi ambiri akabereka, ndipo amachizika. Uzani bambo a kunyumba kapena munthu amene mumamukhulupirira, za ngongole zomwe, kuti musasenze nokha. Mukapita ndi mwana ku sikelo, auzeni anamwino mmene mukumvera ndipo pemphani kuonana ndi woona za maganizo pa chipatala cha boma. Maganizo ofuna kudzivulaza akangobwera, pitani tsiku lomwelo ndipo wina akuperekezeni.